Tinapereka mlombwa, anatibwezera utuchi

Senderani kuno, inu amene muli ndi makolo okalamba, ndi inunso amene mudzakalambe. Musakhale patali, mawu anga anachepa chithereni maliro. Kulemba ine sindidziwa. Pakamwa mpanga, dzanja ndi la mwana wanga Dalitso, ndipo ndamuuza kuti ngakhale pamene nkhaniyi ikuluma iye mwini, alembe osadumpha.

Amuna anga, a Mwale, tinawaika m'pepala la pulasitiki. Lakuda lija lofolera chigafa cha fodya. Munthu amene anakonzeratu matabwa a bokosi lake akadali moyo. Wachititsa zimenezi ndi mmisiri wokhoma mabokosi a maliro pa tiledingi yathu, dzina lake Fakisoni, ndipo lero lomwe lino akukhoma misomali ngati palibe chinachitika.

Ndiyambire pa mtengo.

Pamene ndinkakwatiwa kuno kwa Chulu, kuchoka pakhomo kupita kudimba munthu unkayenda mumthunzi. Fodya anadya zonse. Chaka ndi chaka chigafa chifuna mphanda, chifuna mikangala. A kuesiteti anatumiza mathirakitala kudzakoka nkhuni. Ootcha makala anadzamaliza ndi zitsa zomwe. Lero ukaima pachulu umaona mpaka kumene maso atopera, mphepo yokhayokha.

Koma kumalire a munda wathu kunatsala mlombwa umodzi. Ocheka matabwa anaulondalonda mpaka kutopa. Wina anafika ndi njinga yatsopano kuti asinthane. A Mwale anangoseka.

"Anaphiri," ankatero kwa ine, "iyi ndi nyumba yanga yomaliza. Munthu sagulitsa nyumba asanagonemo."

Miyendo itayamba kuwatupa anaitana ocheka aja okha. Mumaudziwa mlombwa? Ukaugwetsa umakha madzi ofiira, chitsa chimaoneka ngati pazingidwa mbuzi. Matabwa anawasanja kudenga, pamwamba penipeni pa bedi lathu, kuti aume bwino. Thabwa lapansi linali ndi mfundo yakuda yozungulira, ngati diso la ng'ombe, ndipo pambali pake panali mzere wakuda pamene waya wa mpanda unamezedwa ndi mtengo. Ndikatsegula maso m'mawa, choyamba kuona chinali diso limenelo.

"Bambo a Dalitso, bokosi lanu likutiyang'anatu."

"Lisiyeni. Likuphunzira nkhope ya mwini wake."

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, mu Januwale, mvula ili pakati. Tsiku lomwelo Dalitso anatsitsa matabwa, nkuwakweza pangolo pamodzi ndi mbuzi yolipirira ntchito, ulendo kwa Fakisoni. Fakisoni anasisita matabwa aja, akuti mpaka ananunkhiza. Anati mlombwa wotere anauona komaliza ali mwana. Anati mawa dzuwa likamatuluka bokosi likhala litatha.

Linafika dzuwa lili paliwombo, anthu atatopa ndi kudikira. Lofiirira, lonyezimira, zogwirira zake ngati zagolide, m'kati nsalu yoyera yamakwinyamakwinya. Amayi pasiwa ananong'onezana kuti a Mwale apita ngati bwana.

Ine ndinaweramira. Mlombwa uli ndi fungo lake, ndinagona pansi pake zaka. Ili linkanunkha guluu ndi penti. Ndinayendetsa dzanja pachivundikiro, m'mbali, kumutu, kumiyendo. Ndinaitanitsa mwana wanga.

"Dalitso, diso lili kuti?"

"Diso lanji, amayi?"

"La pathabwa."

"Ndi vanishi wabisa, amayi. Simukuona kulemera kwake? Khalani pansi, anthu akuyang'ana."

Lemba zimenezo, Dalitso. Unatero.

Amayi amvano anandigwira mapewa, akuti ndi chisoni chikundilankhulitsa. Namfedwa ntchito yake nkulira, safunsa za matabwa. Ndinakhala pansi.

Manda athu ali kutsidya kwa dambo. Kale anali nkhalango, ukalowamo mvula sinkakupeza. Lero kwatsala timitengo towerengeka. Tisanaoloke dambo, mvula inatsika. Titafika tinapeza dzenje ladzaza madzi, adzukulu okumba manda ali kalikiliki kukapa ndi ndowa. Bokosi analitula pamatope kuti lidikire. Kwaya inaimba, inatha nyimbo, inayambiranso. Ine pamene ndinakhala ndinkaona makona a bokosi akufufuma pang'onopang'ono, ngati buledi woviika mu tiyi.

Anapisa zingwe. Ananyamula.

Sipanamveke phokoso lalikulu ayi. Kungoti pwa, ngati dzungu lowola. Pansi pa bokosi panatsalira.

Ndinaona phazi. Sokosi yake ndinaidziwa, chidendene chake ndinachisoka ndine.

Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Palibe analira. Mvula yokha ndiyo inkamveka. Mkulu wa adzukulu anavula jekete nkuwafunditsa a Mwale kumiyendo, ine ndinamasula chitenje changa nkupereka.

"Thamangirani mphasa," anatero mkulu uja.

Mphasa ya bango ipezeka kuti? Bango linatha m'dambo, monse muja ndi madimba ndi mchenga. Anyamata anathamangira pachigafa chapafupi, nkusasula pepala lakuda lapadenga. Ndimo tinawakulunga a Mwale. Zotsala za bokosi anaziponya m'dzenje momwemo. Ukazigwira zinkanyenyeka m'manja ngati gaga wonyowa. Utuchi womata ndi guluu, wopaka penti pamwamba. Munalibe mlombwa ngakhale wokwana mpini wa khasu.

Titameta maliro, Lolemba lake, tinapita kwa Fakisoni, ine ndi Dalitso. Tinafika m'mawa akutsegula. Anationa. Anaika foni kukhutu nkulowa kuseri. Tinaima pakhonde pakati pa mabokosi mpaka ana asukulu anayamba kuweruka. Mpando ayi, moni ayi. Potuluka anali akutokosa m'mano.

"Agogo, pepanitu ndi zovuta zija. Kwabukanso zina?"

Mwamva? Ankayesa tabwera kudzagula lina.

"Ndabwerera matabwa a amuna anga."

"Matabwa ake ati? Si aja tinakhomera bokosi?"

"Bokosi lanu linasungunuka anthu akuona."

"Ndiye mvula ndinagwetsa ndine? Bokosi si bwato, agogo. Munaliikiranji m'madzi?"

Dalitso anafuna kumulumphira. Ndinamugwira mkono. Ndinamufunsa Fakisoni kuti mlombwa unayamba liti kusungunuka ndi mvula, mtengo umene unaima pamvula chibadwire iye. Apo nkhani inasintha. Akuti matabwa athu anali ofumbwa, anachita kutichitira chifundo potipatsa bokosi lake lodula. Ofumbwa? Nanga bwezi atagwera pabedi pathu kalekale. Ndinati chabwino, tipatseni ofumbwawo tikasonkhere moto. Akuti anyamata ake anataya. Anataya kuti? Akuti sakudziwa, iye salonda zinyalala.

"Ngati mukuti bokosi linali loipa," anatero, "kafukuleni mubwere nalo, tione."

Kafukuleni. Kwa mkazi wometedwa kumene.

Kenaka anatsitsa mawu, ngati akundipatsa malangizo aulere.

"Agogo, tilankhule zoona. Dziko lino mitengo inatha, munamaliza ndinu nomwe a fodya. Ndiye mlombwa wabwinobwino kukaupatsa chiswe? Womwalira saona. Chofunika nchakuti pamaso pa anthu panyezimire. Onse amene ndimawagulitsa amapita bwinobwino, inu tsoka lanu ndi mvula basi."

Onse amene amawagulitsa. Mwamva inu amene munaika abale anu chilimwe? Munayamika kunyezimira. Mukudziwa chimene anagonamo?

Tinapita kwa atcheya a msika. Anatimvera akusenda chinangwa. Akuti nkhani ya maliro njovuta, chifukwa umboni wake uli pansi. Akuti tikakambirane pachibale. Chibale chake chiti? Ine ndi Fakisoni tinayamwa bere limodzi?

Tinabwerera manjamanja.

Panapita milungu. Fodya anayamba kuthyoledwa. Tsiku la msika ndinapita kukagula mchere pagolosale ya Che Jafali, Msilamu uja wakhala akutigulitsa sopo chiyambire ana anga ali aang'ono. Ndinapeza waika chitseko chatsopano. Ndinakweza phazi kuti ndilowe, phazi linakana.

Diso linali kundiyang'ana.

Mfundo yakuda yozungulira. Pambali pake mzere wa waya. Analipala, analipaka mafuta, koma linali lomwelo, pa msinkhu wa nkhope yanga. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, anthu akundilumpha ndi matumba awo a shuga. Pakamwa panga panangotuluka zimene ndinkanena m'mawa uliwonse.

"Bambo a Dalitso, mwadzuka bwanji?"

Che Jafali anatuluka kuseri kwa kauntala.

"Amayi, mwadwala? Ndikupatseni madzi?"

"Chitsekochi munachitenga kuti?"

"Kwa Fakisoni. Anati matabwa achokera ku Zambia."

Ndinawafotokozera. Za maliro aja anali atamva, kunalibe amene sanamve, koma za matabwa sankadziwa. Anayang'anitsitsa chitseko chawo. Kenaka anachotsa dzanja pa icho ngati chatentha.

"Ife kwathu timaika munthu m'nsanda basi, bokosi sitilidziwa," anatero. "Koma cha womwalira sitidya. Ndiye ine ndakhala ndikutsekera malonda anga ndi manda a munthu?"

Anaitanitsa sukuludiraiva. Anamasula chitsekocho okha, ogula akudikira, msika wonse utaunjikana. Wina anawafunsa kuti nanga usiku atseka ndi chiyani. Anati lata lilipo. Analipira okha ngolo yodzatula chitseko kwathu. Ndinafuna kugwada, anandiletsa.

Fakisoni anali chapatali, pakhonde pake, akuonerera. Che Jafali anamukuwira kuti abwere adzayankhe. Anangotembenuka nkuyamba kupala thabwa. Pambuyo pake mmodzi mwa ogwira ntchito ake anauza Dalitso kuti matabwa otsala anapanga mipando ndi tebulo, zinakwera lole kupita ku boma. Kwa yani, sakudziwa. Ndiye kuti pena pake ku Kasungu kuli banja limene limadyera pa bokosi la amuna anga, ana akutayirapo tiyi.

Tsono ndikufunsa, ndipo amene amamudziwa Fakisoni amuwerengere mokweza. Bambo Fakisoni, matabwa otsala ali kwa yani? Ndi mabanja angati anakubweretserani matabwa awo, inu nkuwabwezera utuchi? Mayi anu akadzamwalira mudzawaika m'chiyani? Ndipo inu atcheya, mukufuna pagwe maliro angati pamatope kuti umboni ukwane?

Inu anzanga, mukapereka matabwa, pakhale munthu wanu pomwepo mpaka msomali womaliza. Bokosi likafika, kandani ndi mpeni kunsi kwake, ngakhale anthu akuyang'ana. Ndipo namfedwa akanena kuti pali chalakwika, mumvereni. Chisoni sichitseka mphuno.

Mufuna kudziwa kuti tonse tili pati lero.

Fakisoni wawonjezera khonde. Mabokosi ake akunyezimira kuposa kale, ndipo chilimwe chino agula ambiri. Atcheya akadali atcheya. Che Jafali anaika chitseko chachitsulo, akuti chamtengo sadzachifunanso. Dalitso sadutsa njira ya kumanda, amazungulira kumunda kwa eni, ndipo akamva fungo la vanishi amatuluka panja. Pano akulemba misozi ili m'masaya. Lemba, mwana wanga, sindinakutaye, unapusitsidwa ndi golide wabodza ngati wina aliyense.

A Mwale ali m'pepala. Ndi chimene chimandidya. Mphasa imaola, mlombwa umachedwa koma umaola, munthu nkubwerera kudothi monga anabwerera makolo ake. Koma pepala lija ndimalidziwa. Timalifukula m'munda ndi khasu patapita zaka, lili chimodzimodzi. Munthu anakaniza mtengo umodzi kwa fodya moyo wake wonse, mapeto ake wagona atakulungidwa ngati belo la fodya. Mvula ikamagwa padenga la chigafa, phokoso lija la pa pulasitiki, ine ndimasiya chimene ndikuchita. Ndimaganiza kuti nawonso akulimva.

Ine ndili pano. Chitseko ndinachitsamiritsa kuchipinda, moyang'anana ndi bedi. Sindinachiike pakhomo, si chitseko. M'mawa diso limandiyang'ana ngati kale, koma tsopano likuphunzira nkhope yanga.

Ndauza ana, ndauza adzukulu okumba manda, ndipo ndikuuza inu kuti mukhale mboni. Tsiku langa likafika, mmisiri aliyense asadzachikhudze. Osachicheka, osachipaka kanthu. Mudzandikulunge m'chitenje, mudzandigoneke pa chitseko chimenechi, mudzakumbe pafupi ndi a Mwale, mbali imene ndinkagona. Diso lidzaloze kwa iwo.

Nyumba yawo anaidikira kokwanira. Ndikawapatsira ndekha.