Nthano ya Achimwene Zakeyu

Linali Lachiwiri masana, kwathu ku Angonia. Tinkatonola chimanga pakhonde. Achimwene anga a Zakeyu ankatisimbira nthano ya mlenje amene anakwatira mwana wa mvula. Amayi ankaletsa nthano masana. Achimwene sankamva. Iwo akanena, ife tinkavomera kuti, "Tili tonse."

Mlenje uja atangofika pakhomo pa apongozi ake, mfuti za nkhondo zinalira kusukulu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinabereka mlongo wanga Marita. Amayi ananyamula mkeka, ufa n'kuusiya. Achimwene anabwerera kukamasula mbuzi. Anati tikawadikire pamtsinje.

Tinadikira mpaka mthunzi wa mkuyu unaoloka madzi. Mbuzi ziwiri zinabwera zokha, zikukoka zingwe.

Lero ndimakhala kutsidya kwa nyanja, ku Barking, kwa mwana wanga, namwino. Mdzukulu wanga Tadala amaphunzitsa mabuku akale a ku China payunivesite. Wapitako kangapo kukajambula mawu a nkhalamba zosimba nkhani m'nyumba zomwera tiyi. Akuti zimamenya kathabwa patebulo, n'kulekeza nkhani pakati kuti anthu abwerenso mawa. Nkhalamba za eni. Ine ndili pompano, ndipo nthano ya achimwene yatsala mwa ine ndekha.

Mwezi watha Tadala anandikumbukira. Anaika kamakina kake kojambulira mawu patebulo, napinda manja.

"Padangokhala," ndinatero.

Iye zii.

"Padangokhala!"

"Pitirizani, Agogo," anayankha m'Chingelezi. "Ndikalankhula ndiononga mawu anu."

"Nthano sasimbira khoma. Vomera."

Sanadziwe chovomera. Chitchaina amawerenga osapunthwa, koma mawu awiri akwawo alibe. Ine wa pulayimale ndinamuuza dokotala wa mabuku kuti azimitse chinthucho.

Lamlungu anabweranso, atafunsa amayi ake. Anavomera, lilime lili gwa. Ndinasimba mpaka pakhomo pa apongozi, n'kusiya. Anati nthano zofanana nayo zilipo m'mabuku, akhoza kundipezera mathero. Ndinakana. Mathero ndi a achimwene.

Kuchoka pamtsinje paja tinayenda masiku awiri m'tchire. Marita ankatafuna mapesi. Mbuzi imodzi tinasiyira munthu amene anatilozera njira. Tinalowa m'Dedza m'mawa, kukuzizira.

Mlembi wa othawa nkhondo analemba maina atatu. Amayi anamuuza kuti asiye mzere umodzi pansi pake. Anausiya.