Bwalo losasesa la ku Chitawira

Lachiwiri masana ndinathawa m'nyumba mwanga. Eetu, kuthawa! Eni nyumba imene ndimachita lendi ku Chitawira anathira simenti bwalo lonse, ndiye dzuwa la Okutobala likang'amba, ngakhale galu amayenda monyang'ama. Ndinakabisala kuseri kwa mpanda, kwa amayi a Fatsani.

Mayi amenewa kwawo n'ku Nsanje, ndipo kuno amadziwika ndi chinthu chimodzi: sasesa pansi pa mitengo yawo ya mango. Masamba amangounjikana, madzi otsukuluzira mbale amathira momwemo. Anzawo amawajeda kuti ndi auve.

Ndinapeza pavuta. Mwana wawo Fatsani anali atabwera ndi mmisiri. Mlongo wake ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa, ndiye Fatsaniyo amafuna mitengo igwe, pabwalo pathiridwe simenti.

"Amayi, akuchimuna adzatiseka," anatero Fatsani. "Bwalo ngati kudzala!"

"Iwe Fatsani, vula nsapato," anayankha mayiwo osakweza mawu. "Kaime pa simenti ya aneba awa, ukabwere udzandiuze."

Anapitadi, munthu wandevu zake. Sanachedweko. Anabwera akudumphadumpha, mmisiri atagwira m'mimba ndi phwete.

Mayiwo anafukula masamba ndi dzanja. Pansi pake dothi lakuda bii, lachinyontho, lozizira. Mvula tinaiona kalekale, koma ilo likadasunga madzi!

"Ife a ku Nsanje dzuwa sitichita kuuzidwa," anatero. "Nthaka ukaivula, imakuwotcha."

Ndinawasilira mayi amenewa, ndikunena zoona. Kodi inu mumayesa kutentha kumangochokera kumwamba? Pansi pamene timapondapa palinso mbali yake. Mtengo umamwa madzi m'nthaka n'kuwatulutsira m'masamba, mpweya n'kuzizira, monga thukuta limatiziziritsira thupi. Chinyontho chomwecho chikakwera chimathandiza kupanga mitambo. Simenti ndi dothi lambee zimangomeza dzuwa tsiku lonse, madzulo n'kumatilavulira. Mvula ikagwa siilowa pansi, imathamangira m'ngalande.

Tayendani wapansi pa Ginnery Corner masana, phula likuwotcha kudzera m'nsapato. Kwezani maso muone mapiri athu mmene tawametera. Kenaka timadandaula kuti Blantyre sakuziziranso ngati kale. Nanga azizire bwanji, pamene m'mawa uliwonse timapala bwalo ndi tsache mpaka mizu kuonekera, masambawo n'kuwatentha, ati ukhondo?

Sindikunena kuti mango a mayi mmodzi angabweze nyengo ya dziko lonse, ayi. Koma pabwalo pawo nyengo aigwira ndi manja awo, anthu akuwaseka.

Mmisiri uja anapinda tepi yake yoyezera n'kutsanzika. Fatsani anayesa komaliza, mawu atafooka.

"Nanga alendowo tidzawakhazika pati, amayi?"

"Pamene wakhala iwepo."

Tonse tinamuyang'ana. Anali atakhala pansi patsinde pa mango, mapazi onse awiri atawakwirira m'masamba.