Chotupa pa Tayala la Benedicto

Mukamuona Maliko lero atavala ovolosi yolembedwa dzina, musaganize kuti anayambira pamenepo. Anayambira kudzala.

Pakampani ina ya mathiraki ku Mchinji, ntchito yake inali yodula matayala akutha. Tayala lathunthu ukalikwirira limadzatumphuka, n'kumasunga madzi oswera udzudzu, ndiye abwana ankafuna kuti lililonse lidulidwe panayi lisanatayidwe. Chikwanje, sowo ndi mawaya obaya m'manja, tsiku ndi tsiku.

Koma chomwe chinkamupweteka kwambiri si mawaya ayi, koma mng'ono wake Benedicto. Bambo awo ku Kapondo anali ndi ng'ombe imodzi yokha, ndipo ataigulitsa inangokwanira laisensi ya mwana mmodzi. Anasankha wamng'ono. Tsopano Benedicto ankayendetsa thiraki ya kampani yomweyo, mkulu wake akudula matayala amene iye wamaliza.

"Achimwene, mwapha angati lero?" ankafunsa Benedicto ali pawindo, akuliza hutala.

Tisabise, Maliko anali ndi nsanje, nsanje yeniyeni yowawitsa chakudya m'kamwa. Akangoona magalasi akuda a mng'ono wakeyo, ankatema tayala ngati ndi limene linagulitsa ng'ombe ija.

Komabe sanajombepo. Zaka zinayi zong'amba matayala zinamuphunzitsa chimene madalaivala ambiri sadziwa: momwe tayala limafera mkati, kunja likuoneka bwinobwino.

Tsiku lina m'mawa, thiraki ya Benedicto itapakira soya wopita ku Lilongwe, Maliko anadutsa pambali n'kuona kachotupa patayala lakutsogolo, mbali yamkati. Anakasisita ndi dzanja. Mawaya anali ataduka. Ndi katundu wotere, tayala limenelo silikanapitirira pa Kamwendo.

Nsanje inamunong'oneza kuti, "Khala chete, nayenso alaweko." Munthu uja anapitadi kudzala kwake, natola chikwanje. Kenako injini ya thiraki ija inalira. Anaponya chikwanjecho pansi n'kuthamangira pageti, kukaima kutsogolo kwa thiraki.

"Chokanipo achimwene, ndachedwa," anatero Benedicto.

"Supita ndi tayala ili."

"Nsanje basi. Inu matayala mumawadziwa akafa."

Abwana anatuluka mu ofesi, nalamula kuti tayalalo lichotsedwe. "Tikalipeza lili bwino, ntchito yako yathera pano," abwanawo anamuuza Maliko.

Maliko analing'amba pamaso pa onse ndi sowo yake yomwe ija. Mkatimo mawaya anali ataduka malo okwana chikhatho, ena atadyedwa ndi dzimbiri. Benedicto anangokhala pansi pafumbi, navula magalasi aja.

Lero palibe thiraki imene imatuluka pageti limenelo Maliko asanagwire matayala ake. Laisensi alibebe, ndipo hutala ikalira mtima umamutsinabe pang'ono, iye mwini sakana. Koma masiku ano Benedicto safunsira pawindo. Amatsika, n'kuima pambali kudikira kuti mkulu wake agwedeze mutu.

Inu amene ng'ombe ya kwanu inagulitsidwira wina, osataya mtima. Ntchito imene ili m'manja mwanuyo, ngakhale ikhale ya kudzala, igwireni mpaka muidziwe mkati. Ndipo tsiku limene mudzaone chotupa patayala la m'bale wanu, nsanje isadzakutsekeni pakamwa.