Ndinakana fodya pamaso pa akamwini anga

Ndinanama kuchipatala, ndipo bodza limenelo landidyera theka la nsagwada. Ndasankha kulemba chifukwa kulankhula kumanditopetsa masiku ano. Mawu amatuluka ngati ndavuwata madzi, ndipo anthu amangogwedeza mutu mwaulemu asanamve kanthu. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, pirirani nane mpaka kumapeto.

Ndine mayi wa ku Mandimba, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Ndinabadwira ku Ngauma, koma nkhondo inatithamangitsira ku Malawi ndili kamtsikana, ndipo sukulu yanga yochepayo ndinaphunzira komweko. Pobwerera kwathu ndinali nditakula kale, moti Chipwitikizi sichinandilowe. Ndimadziwa cha moni ndi cha pamsika basi. Cha matenda sindichitha.

Fodya ndinamuyamba ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, Asiyatu. Dzino la kumapeto linandigwira moti ndinkalephera ngakhale kumeza malovu. Azakhali anga atandiona ndikubuula, anatenga tsamba la fodya wouma n'kulisinja, anasakaniza ndi phulusa la zitsononkho, n'kudonthezera madzi pang'ono. Anandiuza kuti ndiike pakati pa tsaya ndi usinini, pafupi ndi dzinolo. Mutu unazungulira, ndinasanza, koma ululu unatha. Mawa lake ndinaikanso, mkuja chimodzimodzi. Nditachira ndinakazulitsa dzino lija, koma fodya anatsala pamalo pake.

Kumupeza sikunali kovuta. Bambo a kunyumba amalima fodya wogulitsa kumunda wathu wa ku Ngauma, ndiye ndinkangosolola masamba angapo m'chigafa momwe amayanika. Iwo sanasutepo chibadwire. Ndi munthu wolemekezeka kumzikiti, ndipo ankakonda kunena kuti fodya ndi wa pasikelo, si wa m'thupi. Mkazi wa munthu wotero angadziwike bwanji kuti amavuwata fodya? Choncho ndinaphunzira kubisa. Ndinkamusunga m'kabotolo ka mafuta odzola, n'kukamangirira pamfundo ya kapulana, nsalu yathu ya m'chiuno. Ndinkalavulira kuseri kwa bafa n'kufotsera ndi phazi. Ndikamalowa m'nyumba ndinkatafuna masamba a ndimu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndinkadziona wochenjera. Pamsika ndinkaseka azibambo osuta chingambwe, amene amatsokomola ngati galimoto yokana kulira. Ndinkati iwo akuwotcha mapapo, pamene ine utsi sindiudziwa. Amayi anzanga atatu amene anadandaula za mano ndinawaphunzitsa ndine kasakanizidwe kake, ndikudzimva kuti ndikuwathandiza. Mwezi wa Ramazani ndi umene unkandiyalutsa kwa ine mwini. Njala ndi ludzu ndinkapirira bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo chilakolako cha fodya chinkandigwira, ndipo masiku ambiri ndinkapita kuseri kwa bafa n'kumasula mfundo ija. Madzulo ndinkakhala pamphasa ndi anzanga ngati munthu amene wasala tsiku lonse.

Zinapita choncho zaka zoposa makumi awiri. Kenako pamalo paja ndinkaika fodya panatuluka chigamba choyera, chokhakhala ndikachikhudza ndi lilime. Sichinkapweteka, ndiye sindinachisamale. Patapita miyezi chinasanduka chilonda. Tsabola ndinamusiya, mchere unkandiwotcha. Ndinayesa kuchukucha madzi amchere, ndinayesa makungwa amene mayi wina anandipatsa, koma chilonda chili pompo. Chipatala cha kwathu sichili kutali, koma ogwira ntchito kumeneko ankagula tomato pabenchi langa ndipo amawadziwa bambo a kunyumba. Ndinkaopa kuti akangoyang'ana m'kamwa aona zonse.

Nthawi imeneyo Asiyatu anali atakwatiwa ku Cuamba ndi mphunzitsi wa kusekondale. Atabereka mwana wake woyamba ndinakwera shapa, timabasi tathu tija, kupita kukamuthandiza. Sanachedwe kuona kuti ndikutafunira mbali imodzi. Tsiku lina anapeza magazi pasupuni yanga, ndipo sanafune kumva zonena zanga. Anati mawa lomwelo ndipite kuchipatala. Ine ndinavomera mosavuta, poganiza kuti ku Cuamba palibe amene akundidziwa. Chimene sindinachiganizire n'chakuti Asiyatu anali ndi khanda la masiku asanu ndipo sakanatha kutuluka. Wondiperekeza anakhala mwamuna wake.

Inu owerenga, mukudziwa mmene timakhalira ndi akamwini. Ine ndi iwo sitinadyerepo pamodzi, sitinayang'ananepo m'maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Moni timapatsana chapatali, mawu ali pansi. Tsono munthu ameneyo ndi amene ndinalowa naye m'kachipinda ka dotolo, chifukwa dotoloyo ankalankhula Chipwitikizi ndi Chimakuwa, ndipo panalibe wina womasulira. Pamene ndinkayasamula kuti andione, akamwini anatembenukira kukhoma.

Dotolo anayang'ana nthawi yaitali ndi katochi kake, kenako anafunsa funso. Akamwini analimasulira akuyang'ana pansi. Ankafuna kudziwa ngati ndimagwiritsa ntchito fodya wa mtundu uliwonse, wosuta, wa pamphuno kapena wa m'kamwa. Funsolo linali lomveka, sindinganamizire kuti sindinalimve. Kabotolo kanali m'chiuno mwanga nthawi yomweyo. Koma ndinaganiza za mawu anga akudutsa pakamwa pa akamwini, ndinaganiza za iwo akukafika kunyumba akudziwa kuti apongozi awo ndi otani. Ndinayankha kuti fodya sindinamugwirepo, ndi chibenthu cha dzino chimene chinandicheka. Akamwini anamasulira. Dotolo anafunsanso kachiwiri, ine n'kukananso kachiwiri.

Dotoloyo sindimuimba mlandu. Anandipatsa mankhwala ochukucha ndi mapiritsi, ndipo ananenetsa kuti chilonda chikapanda kupola pakatha milungu iwiri ndibwerenso, adzatengepo kachidutswa kokayeza. Milungu iwiri itakwana ndinauza Asiyatu kuti ndikupezako bwino, ndipo tomato wanga akuwola ku Mandimba. Zoona zake ndinkathawa funso lomwe lija ndi womasulira yemwe uja. Ndinakwera shapa n'kubwerera kwathu.

Chaka chinatha, n'kuwonjezera miyezi ina. Mwina mukuganiza kuti ndinasiya fodya chifukwa cha mantha. Ayi ndithu. Ndinkamuika pachilonda pomwepo, chifukwa ndi iye yekha amene ankachititsa dzanzi ululu kwa kanthawi. Pansi pa chibwano panatuluka chotupa cholimba ngati nthudza. M'kamwa munayamba kutuluka fungo limene masamba a ndimu sanalithe. Makasitomala anga akale ankandipatsa moni ali patali, n'kukagula pabenchi la mnzanga. Asiyatu akaimba foni ndinkati ndili bwino. Zovala zinayamba kundikhwepa, ndipo nsima ndinaisiya n'kumangomwa phala. Ndinatopa, abale anga, kutopa kwa munthu amene akulondera chinthu usana ndi usiku.

Bambo a kunyumba ndi amene anaitana Asiyatu osandiuza. Anabwera, anandiyang'ana kamodzi, n'kuyamba kulongedza zovala zanga osafunsa. Ku Cuamba tinalowa atatu m'chipinda cha dotolo wina, ine, Asiyatu ndi akamwini. Mphamvu zonamira zinali zitandithera. Dotolo asanafunse kanthu ndinamasula mfundo ya kapulana, n'kuika kabotolo patebulo. Ndinanena kuti ndakhala ndikuvuwata fodya kuyambira ndili ndi pakati pa mwana ali apayu. Ndinayembekezera kuti wina adzidzimuka, koma palibe anadzidzimuka. Akamwini anamasulira ndi mawu omwe aja a masiku onse.

Titatuluka tinakhala pabenchi la panja kudikira kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu cha ku Nampula. Ndinapepesa Asiyatu kuti ndamuchititsa manyazi kwa mwamuna wake. Iye anapukuta misozi n'kunena kuti, “Amayi, ine ndinadziwa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Makapulana anu ankachapa ndani? Ababa nawonso amadziwa. Ankati tisakuchititseni manyazi.”

Akamwini anali ataima chapatali monga mwa mwambo. Anasendera pang'ono, anagwada, n'kulankhula akuyang'ana dothi. “Apongozi, tsiku lija ndinadziwa kuti zimene mwayankha si zoona. Mwana wanu anandiuza kalekale. Mtima unafuna kuti ndimuuze dotolo m'Chipwitikizi, inu osamva. Koma ndikanakutsutsani bwanji pamaso pa mlendo?”

Ndinangoona zaka zonse zija ndikufotsera malovu ndi phazi, ndikubisira anthu amene ankadziwa kale. Ine ndinkawabisira powalemekeza, iwo ankakhala chete pondilemekeza, ndipo chilonda chinkakula pakati pa ulemu wathuwo. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ndinkaunena mwambi umenewu kwa ana anga osadziwa kuti ukunena ine.

Ku Nampula tinapita pasitima. Atayeza anati ndi khansa, ndipo yalowa m'fupa. Anachotsa mbali ya nsagwada, mano a mbali imeneyo ndi zotupa za m'khosi. Dotolo wa kumeneko anandiuza, kudzera mwa akamwini omwewo, kuti ndikanabwerera nthawi imene dotolo woyamba uja anandiuza, mwina akanangodula kamalo kakang'ono. Sananene mokalipa. Bola akanakalipa.

Lero ndili kunyumba ku Mandimba. Benchi langa la pamsika ndinalisiyira mng'ono wanga. Ndimadya phala lamadzimadzi ndi supuni yaing'ono, ndipo ndikamamwa madzi ena amatsikira pachifuwa. Potuluka ndimaphimba kukamwa ndi mpango. Mdzukulu wanga wa ku Cuamba anandiona tsiku lina ndisanaphimbe, ndipo anathawira kumbuyo kwa mayi ake. Amayi atatu amene ndinawaphunzitsa aja ndinawayendera mmodzimmodzi n'kuwavundukulira mpango. Mmodzi anataya kabotolo kake ndikuona. Wina anati zimenezi ndi zolembedwa, aliyense ali ndi tsiku lake. Wachitatu anakana kuti iye fodya sam'dziwa, milomo ili yakuda, ndipo sindinathe kumukwiyira chifukwa ndinamva mawu anga omwe.

Inu owerenga, sindine munthu wophunzira, ndingonena zimene ndalipira ndi thupi langa. Fodya wopanda utsi ndi fodya ndithu. Dzino likapweteka kalizulitseni kapena kalichizitseni, musalole azakhali kapena mnzanu wa pamsika ngati ine akusinjireni tsamba. Chilonda cha m'kamwa chikakana kupola, pitani akachione, ndipo akakuuzani kuti mubwerenso, bwererani. Ngati chilankhulo cha dotolo simuchidziwa, sankhani wokuperekezani amene simungachite naye manyazi, ngakhale zitatanthauza kudikira tsiku limodzi. Dotolo sachiza zimene mwamubisira.

Ndipo inu ana, inu akamwini ndi azipongozi amene mukudziwa chinsinsi cha mayi wanu n'kumakhala chete, lankhulani. Adzakwiya, mwina sadzakupatsani moni mwezi wathunthu, koma adzakwiya ali ndi pakamwa pathunthu.

Mwezi wathawu ndinapitanso kokayezedwa, ndipo apeza kachotupa kena mbali inayo ya khosi. Sanandilonjeze kanthu. Akamwini apempha tchuthi kusukulu kuti andiperekezenso, ngakhale ndinawauza kuti mlandu si wawo. Poti pakamwa panga sipamveka, tsopano ndimalemba papepala zonse zimene ndikumva m'thupi, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo iwo amamuwerengera dotolo m'Chipwitikizi osadumpha liwu limodzi.