Wonga woyeza ndi maso

Roketi yanga yaing'ono yongoseweretsa ndinaimata miyezi itatu m'galaja kunyumba kwathu ku Beaumont Leys, guluu akundiuma m'zala. Chotsala chinali kuyesa wonga umene umakankha mutu wa roketi kuti parachuti ituluke. Nditatulutsa sikelo, alamu anga anandilanda botolo la wongawo.

"Sikelo ya chiyani?" anatero. "Mchere mumayeza?"

Anathira ndi maso. Nditagunditsa mawaya ku batire, chinaphulika koopsa. Roketi inang'ambika ngati nsungwi, mutu wake unathyola thabwa la mpanda, chibenthu chinawatema alamuwo patsaya, magazi chuchuchu mpaka pakolala.

Ndinawagwira pakhosi n'kuwakankhira kukhoma, ulemu wonse nditauiwala.

Chipseracho chilipobe. Akabwera kudzadya kwathu, ndimawaikira sikelo pafupi ndi mchere.