Thandala la a Gladson

A Gladson akhala akusamalira maluwa panyumba ina ku Eriya 14 kwa zaka khumi, koma mumtima amadziyesa kalipentala. Lachisanu lina anauza akazi awo, a Naphiri, kuti Loweruka achapa yunifolomu, akapalira chimanga, kenako akhoma thandala loyanikapo mbale.

Zonse anachitadi, koma mitengo ya thandalalo inali nthambi zaziwisi za mtengo wa chammwamba zimene anasadza kwa abwana. Mvula itagwa kawiri, miyendo yake yonse inayi inaphuka masamba.

"Bambo, ukalipentala usiyeni," anatero a Naphiri akuseka. "Ngakhale mukhome ndi misomali, dzanja lanuli limangodzala basi."

Mpaka lero mayiwo akatsuka mbale, amathyola ndiwo pathandala pomwepo.