Nthambi za Maliro Pamsewu

Amuna anga ankayendetsa kalole koyera pamsewu wochoka pa boma la Lundazi kupita ku Chipata. Kaloleko kanali ka mwini sitolo wina wa pa boma, koma anthu a m'mbali mwa msewu ankangoti ndi kawo amuna angawo. Ine ndinawadziwira momwemo. Ndinali mtsikana wochokera ku Kasungu, wogulitsa zitenje pa msika wa Lundazi, ndipo tsiku lina ananditenga ndi mtolo wanga n'kundikhazika kutsogolo. Mpando umenewo sindinaupatsenso munthu, abwere atatchena bwanji.

Abale, kuyenda nawo masiku amenewo kunali kokoma. Dzanja lawo lamanja linkakhala kunja kwa zenera ulendo wonse, kupereka moni m'Chitumbuka chawocho: "Monire ŵadada! Monire ŵamama!" Ankadziwa mbuzi za khomo liti zimakonda kugona pamsewu, ndi pa mtengo wa mango uti pamene ana a sukulu amatulukira akuthamanga. Pamudzi wina panali mayi wogulitsa mbatata zootcha. Akangomva hutala, ankatuluka ndi mbatata ziwiri zotentha, ina yawo ina yanga, ndipo iwo ankamutcha amama ngati anawabala.

Koma chimene ndinawakondera kwenikweni ndi nthambi. Kuno maliro akagwa pafupi ndi msewu, anthu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kolowera mudzi ndi kotulukira. Wapanjinga amatsika n'kuikankha, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Amuna anga ankaziona zikadali kutali. Ankazimitsa wailesi, kuvula chipewa n'kuchiika pabondo, kalole n'kumayenda ngati ng'ombe yotopa. Okwera kumbuyo akayamba kudandaula kuti tichedwa, ankangoti, "Khalani chete. Tsiku lina adzayalira inu."

Kenaka kunabwera mafoni. Ogula soya ndi mtedza anasiya kudikira m'mbali mwa msewu, anayamba kulemba mauthenga. Mwafika pati? Mutiimire pamlatho. Musatisiye. Amuna anga, poti anali munthu wosafuna kukhumudwitsa aliyense, ankayankha pomwepo, foni pabondo, chala chili kakasakakasa, chiwongolero atachigwira ndi dzanja limodzi. Dzanja la moni lija linalowa m'kati.

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Inu bambo a ana, maso muli nawo angati? Mapanga awiri avumbwitsa!"

"Msewu uwu ndingauyende nditatsinzina," ankatero.

"Ndiye ndipatseni foniyo ndiziyankha ine."

"Iwe? Kuti unditukwanire makasitomala onse?"

Ndinkailanda n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, iwo n'kumaseka mpaka misozi, amvekere akazi a ku Kasungu ndi tsabola. Tikafika ku Chipata ankandigulira nsomba yokazinga, mkangano n'kuthera pomwepo. Pobwerera, foni ili pabondo.

Tsikulo linali la m'nyengo yokolola, masana dzuwa likuswa mtengo. Foni inalira, iwo n'kuwerama. Ine ndinali nditatembenuka, ndikuyang'ana ngati matumba akumbuyo sanamasuke. Ndinangomva thyo thyo thyo kunsi kwa matayala. Nthambi! Potembenuka ndinaona mzere wa amayi atasenza ndowa za madzi, akuwoloka msewu kupita kusiwa. Ndinakuwa. Amuna anga anaponda mabuleki, kukhotetsa, kalole n'kukapendekera m'ngalande. Ndowa ina inagubuduka mpaka pakati pa msewu. Amene anagona pansi, mwendo utathyoka, anali mayi wa mbatata uja.

Chimene chimandipwetekabe mtima n'chakuti wailesi inali ikuimbabe, nyimbo ya paukwati, anamfedwa onse akumva. Anachita kuizimitsa ndi munthu wa m'mudzimo.

Sanatimenye. Mwina akanatimenya zikanapepuka. Amuna a m'mudzimo anangodzuka kusiwa kuja, kukankha kalole kukatulutsa m'ngalande, n'kumugoneka mayiyo kumbuyo pamatumba, mutu wake pamiyendo panga. Bambo wina wa pamudzipo ndiye anayendetsa kubwerera ku chipatala cha pa boma. Amuna anga anakhala nafe kumbuyo, atagwira mwendo uja kuti usagwedezeke. Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa mofatsa: "Mwana wanga, sunandione? Iwe amene umandiona ndili kuseri kwa nkhokwe?"

Amuna anga anangogwirabe mwendo uja mpaka tinafika kuchipatala.

Za kupolisi zinatha, abale a mayiyo anakhululuka, mwini kalole anati amuna anga abwerere pantchito. Koma iwo anakapereka makiyi. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawafunsa ngati ana adzadya chisoni chawocho, ndinawatchula mayina amene sindingawabwereze pano. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenaka anati, "Amake ana, anthu aja ankatuma ana awo kuwoloka msewu akamva hutala yanga, poti ankadziwa kuti ndikuwaona. Ndikadutsenso bwanji pamenepo?"

Anagula njinga, n'kumanyamula katundu wa anthu pamsika. Munthu amene ankaliza hutala mudzi wonse n'kutuluka, tsopano ankapalasa ndi thumba la makala kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Mayi uja anachira koma ankayendera ndodo, ndipo Lamulungu lina lililonse akatuluka m'tchalitchi ankapalasa kukamuona. Ankabwerako ndi mbatata ziwiri. Kalole kakadutsa ndi dalaivala watsopano, ankaima n'kukayang'ana mpaka fumbi litatha. Ankakasowa, ndipo inenso ndinkausowa mpando wanga uja, ndikuusowabe mpaka lero.

Amuna anga anatisiya chaka chatha atadwala pang'ono chabe. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu womwewo, ndiye anthu anathyola nthambi n'kuwayalira. Ndinakhala pamphasa kusiwa, pafupi ndi chitseko, ndikuona msewu. Apanjinga ankatsika. Magalimoto ambiri ankachepetsa liwiro, ndipo madalaivala akale amene ankawadziwa ankaima, kuvula zipewa.

Chakumasana kunatulukira minibasi yochokera ku Chipata. Mlamu wanga, mlongo wawo wa malemuwo, anandigwira dzanja. "Taonani alamu, mwana akuyendetsayo ali ndi ulemu, wachita kuweramitsa mutu."

Ine kuwerama kumeneko ndimakudziwa. Ndinafuna kukuwa ngati tsiku lija. Minibasi inadutsa osachepetsa, ndipo ndinamva thyo thyo thyo, nthambi za amuna anga zikuthyoka.